Mikondo ya pa Mpanda wa ku Mtendere

Dingani Kamanga anawotcherera mageti zaka makumi atatu ndi chimodzi m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kalingalinga mu Lusaka, pamalo amodzimodzi, pafupi ndi ngalande. Bambo ake anachokera ku Kasungu kudzagwira ntchito ya njanji ndipo sanabwererenso kumudzi. Iye anabadwira ku Matero, sukulu anaisiyira giredi seveni, nakulira m'zitsulo. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Ukamupatsa muyeso wa geti ankangogwedeza mutu, Lachisanu ukapita ukalipeza litatsamira khoma.

Pamalopo ankagwirapo amuna asanu ndi mmodzi. Mkulu wawo anali Chileshe, mwini makina awiri owotcherera komanso mwini foni imene anthu ofuna mageti ankaimbapo. Aliyense anali ndi kachigawo kake ka nthaka yakuda, kopanda mzere koma kodziwika. Ka Dingani kanali kutsogolo kwenikweni, poonekera magalimoto.

Chigoba choteteza maso chinalipo chimodzi, ndipo chinkakhala pa msomali. Dingani ankavala magalasi akuda ogula pamsika, nthawi zina ankangotsinzina. Maso akatentha, mkazi wake Rhoda ankamuika timagawo ta mbatatesi pazikope, m'mawa n'kubwerera kuntchito. Chaka chathachi anayamba kuona kamtambo pakati pa chilichonse chimene wayang'ana. Za m'mbali ankaziona, koma timizere ta pa tepi yoyezera tinasowa. Kuchipatala anamuuza kuti moto wa makina wadya mkati mwa diso, chopita chapita, ndipo akapitiriza chotsalacho chipitanso.

Anabisa miyezi itatu. Kenako geti lina analiwotcherera pambali pa mfundo, ndipo linathyoka polikweza m'galimoto mwini wake akuona.

Chileshe anamuitanira kuseri kwa mulu wa mapaipi.

"Ba Kamanga, tinayamba pamodzi pano. Simunganinamize. Simuona."

"Niona."

"Muona chani? Mulamu wanga Isaac ali na maso yabili, ankhala chabe ku Chipata komboni. Malo aya ni ya munthu wamene aikako kanthu pa geti. Nikupasani mpaka mvula ikagwe. Pezani chamene mungachite. Vikakanga, musanizonde."

Unali mwezi wa Juni. Mvula ku Lusaka imagwa mu Novembala.

Rhoda anali ndi tebulo la tomato ndi kapenta pakhomo. Atamva nkhaniyo anati, "Batate ba Tiwo, bwerani muzinithandiza kuingitsa ntchentche. Mpando ulipo." Sananene mwachipongwe. Dingani anangouyang'ana mpandowo.

Pamwamba pa mageti ndi mipanda pamakhala timikondo tokongoletsa. Kalikonse kamakhala ndi kamchira kamene amakakhomera m'paipi ya makona anayi. Chileshe ankagula timikondoto m'masitolo a m'tauni, tochokera kunja, ndipo nthawi zambiri tinkasowa. Dingani anakumbukira kuti ku Chawama kuli munthu wina dzina lake Kalumba, woumba mapoto a aluminiyamu mumchenga. Anaganiza kuti chimene chimatulutsa poto chikhoza kutulutsa mkondo. Anakwera maminibasi awiri n'kukafika.

Kalumba anali wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi ndi zisanu, wamfupi, wolongolola, wa chipsera chachikulu pa msongolo. Ankagwirira kuseri kwa nyumba yake, pansi pa malata anayi. Ng'anjo yake inali dzenje la makala, mphepo ikulowa ndi paipi kuchokera ku chipupizo choyendetsedwa ndi gudumu la njinga. Mphika wosungunuliramo unali chigoba cha injini ya firiji chodulidwa pakati.

Atamva chimene mlendo wabwerera anaseka mpaka kutsokomola.

"Ba welda! Imwe bamene mumatiseka ati tisewera na dothi monga bana? Manje mwabwera ku dothi?"

"Nabwera."

"Mudala, pano kulibe bwana. Tengani sefa."

Masabata atatu Dingani anasefa mchenga. Unali mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi la pachulu, wakuda chifukwa chopsa kambirimbiri. Ankauwaza madzi pang'ono, kuupondaponda, kuutembenuza. Kalumba ankatapa wodzaza dzanja, kuufinya, n'kuuthyola pakati. Ukathyoka bwino ngati chigumu, wakonzeka. Ukamwazika, wauma. Ukamata m'zala, madzi achuluka, ndipo chitsulo chotentha chikaugunda chimabwadamuka n'kulavula. Dingani anazimva msanga izi, pakuti sizinkalira maso.

Anaphunziranso kusankha zitsulo zakutha. Mapisitoni a galimoto ndi mitu ya injini ndiye zabwino. Mapoto obooka ndi mafelemu a mawindo, apo ndi apo. Zitini za zakumwa zimangotha makala, theka lake limayandama ngati zinyalala. Chinthu chonyowa kapena chotsekeka mkati sachiponya mumphika. Pa lamulo limeneli Kalumba sankalongosola, ankangoloza chipsera chake.

Chikombole chinali mabokosi awiri a matabwa, lapansi ndi lapamwamba. Chinthu chimene ukufuna kuumba, chimene iwo amachitcha patani, umachigoneka m'bokosi lapansi theka lake litamira mumchenga. Umawaza phulusa losefa kuti mabokosi asamatane, kuika lapamwamba, kudzaza mchenga, kusinja ndi mtengo. Umaboola njira ya chitsulo ndi kapaipi, ndi timabowo ta mpweya ndi sipoko ya njinga. Ukatero umanyamula lapamwamba osagwedeza, kugogoda pataniyo pang'ono, kuitulutsa, kutsekanso. Mkati mwatsala mphako ya maonekedwe ake. M'menemo ndimo mumathiridwa chitsulo.

Mphako zake zoyamba zinkagumuka. Dzanja lozolowera nyundo linkasinja mopitirira, mpweya n'kusowa potulukira. Tsiku lina anathira chitsulo chisanatenthe mokwanira, chinaima panjira, mkondo unatuluka wopanda nsonga.

"Uyu ni mkondo wophera nyerere," anatero Kalumba, n'kuuponyanso mumphika. "Ubwino wa nchito yathu, ba welda, chinthu chikaipa sichiyenda ku dzala. Sivili monga vanu."

Patani ya mkondo inali imodzi yokha. Inali ya mkuwa, yolemera, yokulungidwa m'kansalu ka mafuta, ndipo inkagona m'sutukesi yachitsulo yokhoma. Kalumba ankaitcha mayi. Kumapeto kwa Ogasiti anaitulutsa tsiku limodzi, ndipo Dingani anaumbirapo mikondo inayi yathunthu, yamizere yooneka, yansonga. Madzulo ake mayi anabwerera m'sutukesi.

"Aba sibachoka pano," anatero Kalumba. "Mukafuna bana, mubwera kuli bamayi."

Dingani anaona ngati ndi umbombo wa amisiri, umene iyenso ankaudziwa. Iye mwini anali ndi nyundo imene sanabwerekepo munthu.

Sabata yotsatira Kalumba analandira uthenga wa maliro ku Mpika. Anati akakhala masiku khumi, koma za kumudzi zinamugwira miyezi iwiri. Ng'anjo, mchenga ndi mabokosi anamusiyira Dingani. Kiyi wa sutukesi anapita naye.

Dingani sanadandaule. Anali ndi mikondo inayi yabwino, ndipo anaona kuti iliyonse ikhoza kukhala patani. Inayi m'bokosi limodzi inali yachangu kuposa mayi mmodzi. Anaipala ndi tupa mpaka kusalala, chifukwa wowotcherera salola chinthu kuchoka m'manja mwake chili ndi minga. Gudumu la njinga ankapukusa mkazi wa Kalumba akapeza mpata, apo ayi ankapukusa yekha n'kumathamangira kumphika.

Loweruka anatengera Chileshe mikondo makumi awiri m'thumba. Chileshe anaitembenuza, anaigogoda pa chitsulo, anakhomera umodzi m'paipi. Unalowa ndi nyundo, molimba.

"Hmm. Si yoipa." Anasuzumira m'thumba n'kuona inayi yopalidwa ija. "Nanga iyi yowala? Iyi ndiye nifuna pa geti ya kutsogolo, banthu baone."

Dingani anamupatsa. Lolemba anasankha ina inayi mwa imene inatsala, anaipala bwinobwino, n'kukhala mapatani atsopano. Loweruka linalo zinachitikanso chimodzimodzi, pakuti Chileshe ankakonda yowala. Zinapitirira choncho masabata asanu. Tepi sankaigwira, popeza timizere take sankationa. Ndiponso kwa iye chitsulo chinali chitsulo. Zaka zonse zija paipi ya mamilimita makumi awiri inali ya mamilimita makumi awiri, dzulo ndi mawa.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Chileshe anapeza ntchito yaikulu, mpanda wa nyumba ya mayi wina wa ku Mtendere, mphunzitsi wopuma pantchito. Pankafunika mikondo makumi asanu ndi atatu. Dingani anaiumba masiku asanu ndi atatu. Anaipaka utoto wakuda, kunsonga wagolide. Tsiku loika anapita nawo. Mikondoyo inkalowa m'mapaipi ndi chikhato chokha, nyundo osaigwira.

"Apa ndiye mwadziwa nchito," anatero Chileshe. "Yakudala ija inali kutivutitsa."

Pofika masana anali atamaliza. Mayi wa nyumbayo anatuluka panja pa msewu, anauyang'ana mpanda wake kuchokera kutali, n'kuwatumizira madzi ozizira.

Patapita masabata awiri, Dingani ali ku Chawama, kunabwera Mpundu, munthu woyenda ndi wilibala m'makomboni kugula zitsulo zakutha. Anatsitsa thumba pafupi ndi ng'anjo.

"Ba mudala, lelo nakuletelani vabwino. Aluminiyamu yeniyeni."

Dingani anapisa dzanja monga mwa masiku onse. Pisitoni. Chogwirira cha poto. Kenako zala zinagwira chinthu chansonga, chosalala. Anachitulutsa n'kuchiyang'ana cham'mbali, mmene ankaonera bwino. Chakuda, kunsonga golide. Anakhuthula thumba lonse pansi. Inalipo makumi awiri ndi itatu.

"Iyi mwaitenga kuti?"

"Nagula."

"Kuli bandani?"

"Ba mudala, sikirapu siifunsiwa kwamene yagona. Nikayamba kufunsa, wilibala izayenda yopanda kanthu. Yaipa?"

"Niyanga. Ninaipanga pano."

Mpundu anayang'ana mikondoyo, anayang'ana ng'anjo, n'kuseka. "Ndiye yabwera kunyumba! Nimwe ba mwayi. Benangu vinthu vao vimayenda ku fakitale ya vitsulo ku Kafue."

Dingani anaigula. Akutolera pansi foni inalira. Anali Chileshe, ndipo sanapereke moni.

"Ba Kamanga, bamayi baja banali pano. Bakuwa msewu wonse wamvera. Ati mpanda wao waoneka monga mkamwa mwa nkhalamba. Ati olo mwana wa sukulu azula na dzanja limodzi akupita. Manje foni yanga iyi ndiye dzina langa. Isaac ayamba pa Mande."

"Mvula ikalibe kugwa."

"Nakuuzani."

Kalumba anabwerako mawa lake, wowonda, atameta mpala. Dingani anamuonetsa mikondo ija n'kumufotokozera mwachidule. Kalumba anafunsa funso limodzi lokha, kuti patani anaitenga kuti. Atamva yankho anakhala pansi pa bokosi n'kugwira mutu.

"Ba welda. Ba welda! Mwapanga mwana kuchoka ku mwana, kuchoka ku mwana? Kangati?"

"Kasanu."

"Na tupa pamwamba?"

"Na tupa."

Kalumba sanaseke nthawi yomweyo. Anatsegula sutukesi, natulutsa mayi, namugoneka pa thabwa. Anasakasaka pa mulu wa zotsalira n'kupeza mkondo umodzi wa masiku oyamba, wina wa pakati. Anaindandalika motsatana, kumapeto n'kuika wa ku Mtendere. Anagwira dzanja la Dingani n'kuliyendetsa pamwamba pake. Uliwonse unali wamfupi pang'ono kuposa mnzake. Mizere imene pa mayi inali yakuthwa, pa womaliza inali ngati sopo wosambira. Kenako anatenga kachidutswa ka paipi. Mchira wa woyamba unakana kulowa popanda nyundo. Wa womaliza unalowa wokha, ndipo atagwedeza paipiyo unalira ngati belu la njinga.

"Ichi chitsulo chikazizira chimabwerera mukati," anatero. "Pang'ono chabe, simungaone. Mwana ni mung'ono kuli mayi, masiku yonse. Ndiye chifukwa mayi timamupanga mukulu dala. Imwe mwachepetsa kasanu, na kupala futi kasanu. Nenze kuganiza mudziwa. Aliyense adziwa."

"Aliyense wa pa mchenga."

"Ee, ni zoona." Apa ndiye anaseka. "Koma mwadyetsa bakawalala, mbala za mu Mtendere, Mulungu azakudalitsani."

Dingani anapempha kubwereka mayi kwa sabata. Kalumba anakana, koma anati akhoza kuumbirapo pomwepo, umodzi umodzi. Dingani anawerengera masiku, naona kuti sizikwana. Anaonanso kuti akatero adzakhala moyo wake wonse akudikira kiyi wa munthu wina.

Ku Kalingalinga, pafupi ndi owotcherera, kuli akalipentala. Kumeneko anatolako kachidutswa ka mlombwa kouma bwino. Anakhala pakhomo pake masiku awiri ndi mpeni, tupa ndi sandipepala. Maonekedwe a mkondo anali m'zala zake kale. Muyeso ndiwo unkafuna maso, ndipo Rhoda ndiye ankagwira tepi, uku akugulitsa tomato.

"Apa pali seventini na kamzere kamodzi."

"Nifuna eyitini."

"Mwachotsako kale, batate ba Tiwo. Mtengo subwerera."

Anataya n'kuyamba wina. Wachitatu unakhala bwino. Mchira wake anaupanga wonenepa kumtunda, wowonda pang'ono kunsi kuti uzitha kuyamba kulowa, ndipo anaujoba timizere tinayi m'litali kuti tiziluma paipi mkati. Kalumba anali atamuuza kale kuti aonjezere muyeso kawiri, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, chifukwa pa mtengowo aumbirapo mapatani anayi a chitsulo, ndipo anayiwo ndiwo azibala mikondo yogulitsa. Anayiwo atatuluka Dingani anawapaka utoto wofiira kuti asasokonezeke ndi ina.

Lolemba Isaac anayambadi. Dingani podutsa anamuona atagwada pa kachigawo kaja, atavala chigoba cha pamsomali. Anapatsana moni mwaulemu. Dingani anapitirira ku Mtendere ndi thumba.

Mayi wa nyumba ija anamupeza pa geti. Dingani anavula chipewa n'kunena kuti ndiye anaumba mikondoyo, ndipo wabwera kudzatenga yotsala kuti akaiumbenso.

"Ndimwe? Nenze kuganiza ni kamunyamata kosadziwa nchito."

"Ndine."

"Tengani. Simuzavutika, izuka yeka."

Anakwera pa ndowa n'kuizula yonse ndi dzanja, mayiyo akuyang'ana atapinda manja. Ina inali itapitanso masiku amenewo.

Anaisungunula yonse pamodzi ndi ija ya kwa Mpundu, n'kuonjezera mapisitoni. Utoto unapsa ndi utsi wonunkha. Kalumba anasiya mapoto ake masiku atatu n'kumamupukusira gudumu, pakamwa posatseka. Kumwamba mitambo inayamba kusonkhana masana alionse cha kumpoto, n'kumwazika madzulo. Mchenga unkauma msanga ndi kutentha, moti ankauwaza madzi kawiri pa tsiku. Mikondo isanu ndi umodzi inatuluka ndi zibowo, anaibweza mumphika. Mchira wa uliwonse ankauyesa pa kachidutswa ka paipi, ndipo tupa ankangoigwiritsa pochotsa msoko wa m'mbali.

Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Novembala anapita kwa Chileshe n'kumuuza kuti mikondo yakonzeka. Chileshe sanafune kupita, koma mayi uja anali atamuimbira kanayi. Anatenga nyundo yaikulu ndi kathabwa kotchingira nsonga. Uliwonse unkafuna kumenyedwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ntchito imene poyamba inatha masana, tsopano inawafikitsa dzuwa litapendeka, Chileshe akudandaula za phewa lake.

Atakhoma womaliza, Chileshe anagwira umodzi ndi manja awiri n'kukoka. Anaponda khoma ndi phazi n'kukokanso. Kenako anadzilendewera ndithu, munthu wa thupi lake, miyendo m'mwamba. Paipi inawerama pang'ono. Mkondo sunasunthe.

"Muzanithyolela mpanda, imwe bambo!" anakuwa mayi uja ali pakhonde.

Pobwerera anayenda wapansi, nyundo ili paphewa la Chileshe. Anadutsa msika wa Mtendere. Atayandikira pamalo awo Chileshe anayamba yekha.

"Kutsogolo kuja ni kwa Isaac manje. Nikamuchotsa, mukazi wanga azanichotsa naine."

Atayenda pang'ono, Chileshe anapitiriza.

"Kumbuyo kuli mulu wa vidutswa, pafupi na khoma. Chotsani vija, mukumbe ng'anjo yanu. Kutali na penti, kutali na botolo ya gasi. Mikondo yonse ya pano izichoka kuli imwe. Na maluwa ya pa mawindo, ngati mungakwanitse."

"Kumbuyo kulibe mthunzi."

"Munthu wa pa ng'anjo afuna mthunzi?"

Dingani anayamba kuchotsa zidutswazo m'mawa mwake. Anakumba dzenje, anazika mitengo inayi, anafolera ndi malata akale a geti. Mchenga woyamba anamugawira Kalumba, mawilibala awiri, atamuuza kuti wakupsa kale ndi wabwino kuposa watsopano. Mvula inagwa patapita masiku asanu ndi anayi, ndipo madzi a m'ngalande analowa m'dzenjemo. Anakumba lina pamtunda pang'ono.

Ali komweko mpaka lero. Kuchokera pamsewu saoneka, umangoona utsi kuseri kwa mageti. Magetsi akazima owotcherera amakhala pa mapaipi n'kumacheza za mpira, iye gudumu likuzungulira. Amaumba mikondo ya mitundu itatu, maluwa a pa mawindo, ndi manambala a nyumba. Mwezi watha munthu wina wa ku Kabulonga anafuna mitu iwiri ya mkango ya pa zipilala za geti. Dingani anasema mutuwo pa mlombwa, koma potulutsa patani mchenga umagumuka m'manyenje mwa mkangowo. Wagumuka katatu. Dingani anamuuza mwini geti kuti abwere Lachisanu linalo.